Masabata atatu ndikutsuka malemba ndisanawerengetse molondola liwu ngakhale limodzi

Ndamaliza, koma mtima sunakhalebe m'malo. Ndinkafufuza mmene liwu lakuti "ufulu" linkagwiritsidwira ntchito m'manyuzipepala akale, ndipo ndinkaopa kuti chondivuta chidzakhala kompyuta. Ayi ndithu. AntConc, pulogalamu yofufuzira mawu m'malemba, imawerengetsa mawu kanthawi kochepa chabe. Chimene chinandidyera nthawi ndi malemba enieniwo.

Masamba ndinawalandira ngati zithunzi, ndiye ndinawalowetsa mu pulogalamu ya OCR, yowerenga zilembo za pachithunzi, kuti asanduke malemba. Sindinayang'ane zimene zinatuluka. Apa mpamene ndinadzipweteka. Nyuzipepala imalembedwa m'madanga, koma pulogalamu inkangowerenga modutsa, mzere wa nkhani ya maliro n'kulumikizana ndi mzere wa malonda. "rn" inkasanduka "m". Choipitsitsa, mawu odulidwa kumapeto kwa mzere, "ufu-" pamwamba, "lu" pansi, kompyuta inkawatenga ngati mawu awiri. Liwu lomwe ndinkalifunalo linkandithawa ndikuliona! Ndinali nditalemba kale ndime yonse yonena kuti chaka china liwuli linachepa. Silinachepe, masamba a chaka chimenecho anali ofufutika basi.

Anzanga, tengani masamba makumi awiri, muyerekeze chithunzi ndi malemba ndi maso anu musanawerengetse kalikonse.

Ndisanaiwale, izi zinachitika kale ndisanafike pa zamadangazi: tsiku lina ndinasunga mafayilo onse osasankha UTF-8, njira yosungira zilembo mu kompyuta yomwe imasunga bwino zilembo ngati "ŵ". Potsegula m'mawa, paliponse pamene panali "ŵ" panatuluka "Åµ". Kope loyambirira ndinali nditalembapo pamwamba. Tsiku lonse linapita ndikubwereza OCR, ndipo ndinalira ndithu. Fayilo yoyamba isungeni payokha, osaikhudza.

Pulogalamu ina, Voyant Tools, njabwino kuti muone msanga mawu obwera kawirikawiri, koma mndandanda wa mawu oti achotsedwe powerengetsa, monga "ndi", "kuti" ndi "pa", ndinachita kulemba ndekha. Komanso kompyuta sidziwa kuti "anamasula", "adzamasula" ndi "kumasulidwa" n'zamtundu umodzi mpaka mutaiuza.

Topic modelling, kuunjika mawu opezekera limodzi m'magulu otchedwa mitu, ndinaiyesa ndi pulogalamu ya MALLET, yomwe imagwiritsa ntchito njira ya masamu ya mu 2003 yotchedwa LDA. Chiwerengero cha mitu mumasankha nokha, ndipo mukabwereza osakhazikitsa seed (nambala yomwe kompyuta imayambira posankha mwachisawawa), magulu a mawu amasinthako. Ndinayesa 10, kenako 30, kenako 50. Mayina a mituyo mumapereka ndinu, kompyuta imangokuunjikirani mawu. Lembani m'kabuku chilichonse chimene mwasankha, chifukwa woyang'anira kafukufuku wanga atandifunsa chifukwa chimene ndinatengera 30, ndinasowa chonena.

Zenizeni ndinazipeza mu concordance, pomwe liwu limaoneka pakati pa mawu oyandikana nalo. Ndinawerenga mizere imeneyo umodzi umodzi kwa masiku anayi, n'kuona kuti "ufulu" wa m'makalata a owerenga sunali wofanana ndi wa m'nkhani za patsamba loyamba. Koma ndikubwerezanso, yerekezani kaye masamba aja ndi maso.