Zikomo nonse, chithunzi cha tenrec chija chatheka

Abale anga, chithunzi chija tachipachika pakhoma dzulo. Ndi cha tenrec wa mizere yakuda ndi yachikasu, kanyama ka ku Madagascar kokwana m'dzanja limodzi. Ndakhala ndikukasaka zaka ziwiri.

Ulendo woyamba ndinapita mu Julayi, osadziwa kuti nyengo yozizira tinyamati timabindikira kuuna osatuluka. Ndinabwerako chimanjamanja, ngongole ili m'khosi. Mayi a kunyumba, inu simunandinyoze. Munagulitsa mtedza wanu n'kunena kuti ndipitenso. Ndilibe mawu okwanira.

Ndinabwerera mu Januwale, ku Andasibe, kum'mawa kwa likulu la dzikolo, Antananarivo, mvula ili pachimake. Tsiku lachitatu kamera inalowa madzi, kenako malungo anandigwetsa. Amayi a nyumba imene ndinkagona anandidyetsa vary amin'anana, mpunga wamadzimadzi wophikira limodzi ndi masamba, mpaka miyendo inalimba. Mlendo wina anandibwereka kamera yake asakundidziwa n'komwe. Mulungu akudalitseni kumene muliko.

Koma mwini chithunzichi ndi bambo amene ankandiperekeza m'nkhalango. Ine ndinkathamanga, iwo n'kumandigwira mkono. Anandigoneka chafufumimba pamasamba onyowa, misundu ikundikwera, kuti diso la kamera lilingane ndi mphuno ya kanyamako. Tinadikira mpaka chigongono chinachita dzanzi. Kenako kanatulukira, kakufwenkha dothi ndi kamlomo kake kosongoka kusaka nyongolotsi. Katatimva kanaimitsa minga yachikasu ya pakhosi, ndipo m'pamene ndinadina. Pamsana pake pali timinga tina timene kamatikhulanitsa kuti tilire, n'kumaitanizana ndi anzake. Kupatula ma tenrec anzake, palibe nyama ina yoyamwitsa yodziwika kuti imalankhula chotero. Ndinaona timingato tikunjenjemera, misozi n'kulengeza.

Ambiri mwaona chithunzicho mwati ndi kanungu, ndipo ojambula pamanja ena amakajambuladi ngati kanungu wonenepa. Zimandipweteka, chifukwa pachibale kali pafupi ndi njovu ndi mbira za m'mapiri kuposa kanungu. N'chifukwa chake ndinakana kuti wosindikiza awonjezere utoto. Matope amene ali pamphuno yake ndi a tsiku lomwelo.

Achimwene amene munandikhomera felemu ulere, zikomo. Bambo a ku Andasibe, chithunzi chanu chanyamuka kale pa positi. M'chinenero chanu, misaotra betsaka: zikomo kwambiri.