Mbava ya m'dirowa

Pa loji imene ndimagwirapo ntchito ku Chembe, ku Cape Maclear, anzanga amanditcha wazilankhulo. Sukulu ndinalekeza panjira, koma geni inandiyendetsa. Ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam ndinamva anthu akukuwa "mwizi!" mnyamata ali liwiro la mtondo wadooka. Ku Joni Azulu amati "isela", ku Harare ndi "mbavha" ngati yathu yomweyi, ndipo ku Tete amati "ladrão". Wageni amayamba kudziwa dzina la wakuba asanadziwe moni.

Tsiku lina madzulo mayi wina wa ku Spain anatulukira pamalo olandirira alendo, zingwe zotchajira zili lendelende m'manja, akuloza kuchipinda kwake: "Ladrón, ladrón." Zingwe zilipo, foni palibe. Nanga ladrón si mphwake wa ladrão? Ndinatulutsa mawu onse amene Mulungu anandipatsa: "Wakubaaa!"

Mlonda anafika ndi chibonga, galu ali pambuyo. Asodzi amene ankakonza chilimira kugombe anasiya nyali zawo n'kuthamangira kuno. Tsoka linagwera akhuki athu, bambo wachikulire, amene ankatuluka kukhitchini ndi jumbo m'manja.

"Ana inu, ndaba chiyani ine?"

Tinawakhazika pamchenga n'kuwapisa m'matumba. Munali machesi ndi ndudu yotsala theka, mujumbo muli mamba a chambo okataya. Galu yekha ndiye ankawagwedezera mchira.

Mayi uja anangogwira kumutu. Mwamuna wake anatulukira, foni ija ili m'manja mwake, natikokera kuchipinda. Pakhoma panali soketi imodzi yokha, yathu ija ya mabowo atatu. Mapulagi awo ndi a mano awiri obulungira, adaputala anabweretsa imodzi, pomwe zotchaja ndi mafoni awiri ndi kamera. Analemba pafoni yake n'kutiwerengetsa: kwawo ku Spain, kachipangizo kolowetsapo mapulagi angapo pa soketi imodzi amakatchanso ladrón. Mayiwa amangopempha kubwereka! Kotereko kanali phee m'dirowa yanga, kosiyidwa ndi mlendo wina.

Asodzi anabwerera kunyanja akugwetsana ndi phwete. Akhuki anasasa mchenga pathalauza osanena kanthu. Kuyambira tsiku limenelo mbale yanga ya masana imabwera ndi nsima ndi msuzi wokhawokha. Mnofu amapatsa galu, ine ndikuona.