CAP yandilowa tsopano: mafunso ndi atatu

Mtima wakhala pansi pa phunziro lathu la CAP (Common Alerting Protocol), njira imodzi yolembera machenjezo a ngozi kuti makompyuta a mabungwe osiyanasiyana azimvana. Za XML, kalembedwe ka mauthengawa, ndi zigawo zinayi za uthenga, alert (uthenga wonse), info (za ngoziyo), resource (zithunzi ndi zina zowonjezera) ndi area (dera), sindibwerezanso, tonse m'kalasi tinazidutsa. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti a zanyengo, a zaumoyo, apolisi ndi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi angaike bwanji machenjezo awo pamapu amodzi pamene wina amachenjeza ndi mitundu, wina ndi manambala, wina ndi mawu chabe.

Yankho lili mu info. CAP 1.2, imene bungwe loika miyezo ya zamakompyuta la OASIS linavomereza mu 2010, sifunsa kuti ngoziyo ndi yoopsa bwanji basi. Imafunsa mafunso atatu osadalirana. Urgency: anthu achitepo kanthu liti? Severity: chiwonongeko chingafike pati? Certainty: tatsimikiza bwanji? Apa Likely akutanthauza kuti mwayi woti zichitike waposa theka, Observed kuti zaoneka kale.

Tengani namondwe ngati Freddy wa mu 2023 akadali pa nyanja ya India, asanafike ku Mozambique. Severity ikhoza kukhala Extreme (yoopsa koposa), koma certainty n'kukhala Possible (zingathe kuchitika), urgency Future (mtsogolo). Madzi a mu Shire akayamba kulowa m'nyumba ku Nsanje, severity ndi yomweyo, koma tsopano certainty ndi Observed, urgency ndi Immediate (pompano). Mtundu wofiira pawokha sungasiyanitse ziwirizi. Ngakhale MeteoAlarm, njira yochenjezera za nyengo ya ku Ulaya, imalumikiza chikasu ndi Moderate (yapakatikati), orenji ndi Severe (yoopsa), ndipo chofiira ndi Extreme, kusonyeza kuti mtundu umayankha funso limodzi lokha mwa atatuwo.

Njira yanga ndi tebulo la papepala. Mlingo uliwonse wa bungwe ukhale ndi mzere wake, mizati itatu, n'kudzaza. Pamene bokosi lakana kudzazika, pamenepo ndi pamene mabungwe adzakangane. Ine ndikuti tebuloli likuposa buku lililonse la phunziroli.

Pa area ndiye pamagwa ambiri. Polygon, yomwe ndi malire a dera lochenjezedwa, imafuna mfundo za pamapu zosachepera zinayi, yoyamba ndi yomaliza zikhale zofanana, pa WGS 84 (muyezo wa malo umene GPS imagwiritsa), latitude patsogolo. Koma GeoJSON, kalembedwe kena ka malo a pamapu, imayamba ndi longitude. Mukakopera osatembenuza, Blantyre wa pa -15.8,35.0 amapezeka mu nyanja ya Atlantic kumadzulo kwa Morocco. Pa circle, dera lozungulira, utali wochokera pakati umalembedwa m'makilomita. Nthawi nayo: CAP ikana chilembo Z chimene ena amalemba posonyeza UTC, nthawi yoyezera ya dziko lonse; imafuna +02:00 kwathu kuno, -00:00 pa UTC. Ndipo Update (kusintha chenjezo) kapena Cancel (kulichotsa) yopanda references, pamene pamalembedwa sender (wotumiza), identifier (nambala ya uthenga) ndi sent (nthawi yotumizira) za uthenga woyamba, imasiya chenjezo lakale likadali pamapu pambali pa latsopano.

Zonsezi aphunzitsi amazithamangira kumapeto kwa teremu, atathera nthawi yonse pa mbiri ya ITU, bungwe la UN loona za matelefoni ndi mauthenga, ndi X.1303, dzina limene linapatsa CAP. Mayeso afika ambiri tisanalembepo uthenga ngakhale umodzi ndi manja athu. Zimapweteka.

Pali pamene ndakakamirabe. Uthenga umodzi ungathe kukhala ndi ma info awiri, ina ya Chichewa ina ya Chingerezi, zimenezo n'zomveka. Koma a zanyengo akati Severe, oona za ngozi akati Extreme, polygon zawo n'kulowana pa Chikwawa, CAP imangonyamula zonse ziwiri osaweruza. Kaya mapu asonyeze yoopsa kwambiriyo, kaya ya bungwe lolembedwa m'kaundula wa WMO, bungwe la zanyengo la dziko lonse, pa ngozi ya mtundu umenewo, ndikusinthasintha maganizo. Lero ndatsamira ku yoopsa kwambiriyo, koma anthu akasamutsidwa kawiri popanda madzi kubwera, kachitatu adzamveranso?