Musanadutse pa boda ya Dedza ndi njinga yanu, werengani pepala la inshuwalansi

Basi yochokera ku Lilongwe kupita ku Joni ikadutsa pa boda ya Dedza imalowa m'Mozambique, n'kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Beitbridge. Maboda atatu, ulendo wopitirira tsiku lathunthu, ndipo paliponse anthu amatsika kukadinditsa mapasipoti. Kwa munthu woyenda pa njinga ya olumala, vuto silikhala masitepe a basi okha. Njinga imaponyedwa kunsi pamodzi ndi matumba a ufa ndi nyemba, mwini wake n'kukhala pampando umodzi maola onsewo. Amene anavulala msana samva kuwawa kumatako, ndiye chilonda chimayamba iye osadziwa, ndipo chilonda cha tsiku limodzi chimatha kugoneka munthu miyezi. Khushoni yanu isalowe kunsi, ikhale pansi panu. Muzidzinyamula kapena kupendekera mbali ina pa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse. Ngati mumagwiritsa ntchito paipi ya mkodzo, tengani zokwanira ulendo wonse ndi zina zapadera m'chikwama cha m'manja, ndipo musaleke kumwa madzi poopa chimbudzi, chifukwa matenda a m'chikhodzodzo amayambira pomwepo.

Tsono zikavuta muli ku Harare kapena ku Musina, alipira ndani? Apa ndi pomwe inshuwalansi ya paulendo imalowera, ndipo apa ndi pomwe abale athu ambiri amataya ndalama pogula pepala lopanda ntchito.

Choyamba, pa fomu ya inshuwalansi pamakhala funso la matenda omwe muli nawo kale. Ambiri amalemba kuti palibe, ena poopa kuti mtengo ukwera, ena poganiza kuti ulumali si matenda. N'zoona, ulumali si matenda. Koma kampani imafunsa za chilichonse chomwe munalandirapo chithandizo kapena mukumwera mankhwala: khunyu, shuga, kuthamanga kwa magazi, sitiroko, kuvulala kwa msana. Mukabisa, tsiku lomwe mwagonekedwa kunja amapempha lipoti la dokotala, dokotalayo n'kulemba mbiri yonse, kampani n'kukana kulipira. Nenani zonse. Akakweza mtengo kapena kunena kuti matenda akutiakuti sadzalipira, mwadziwa mukadali kwanu ndipo mungafunse kwina. Chimene agwirizana nanu chilembedwe papepala. Mawu apakamwa a wogulitsa sadzakuthandizani pa kauntala ya chipatala.

Chachiwiri ndi njinga yeniyeniyo, kaya mwendo woikirira, kaya makina omvera m'khutu. Mapepala ambiri amaziwerenga ngati katundu wamba, ndipo amaika malire pa chinthu chimodzi chilichonse, malire omwe nthawi zambiri sakwana kugula njinga ina. Funsani mosapita m'mbali: njingayi ikathyoka mulipira zingati, nanga mulipira yobwereka pamene ndikudikira? Funsaninso za excess, ndalama yomwe mumayamba mwalipira nokha kampani isanaikepo yake. Malire a chithandizo alembedwe m'madola kapena mayuro. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, koma chipatala cha kunja sichitsitsa bilu chifukwa cha zimenezo.

Pali mzere wina womwe anthu safuna kuuwerenga, wa kubwezedwa kumudzi. Umakhudza wodwala yemwe sangakhale tsonga m'ndege ndipo akufunika machira ndi namwino, umakhudzanso thupi ngati munthu watisiya. Kuno kwathu ku Dedza ndi Ntcheu tikudziwa mmene maliro ochokera ku Joni amavutira: abale kusonkha masabata, ng'ombe kugulitsidwa, mbatata kukumbidwa isanakhwime. Onetsetsani kuti mzerewu ulipo. Ngati muli ndi wokuperekezani, iyenso alembedwe, ndipo funsani chomwe chidzachitike iyeyo akadwala, poti inu simungapitirize ulendo nokha.

Opita ku mayiko a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi yotchedwa Schengen, monga Germany kapena France, alibe chosankha: viza siituluka popanda inshuwalansi ya chithandizo cha mayuro 30,000 kapena kuposerapo. Koma opita ku India kapena ku South Africa kukalandira chithandizo adziwe ichi: inshuwalansi wamba ya paulendo silipira opaleshoni yomwe munanyamukira. Imalipira za mwadzidzidzi zokha.

Za ndege n'zosavuta mukakonzeka. Uzani kampani ya ndege za thandizo lomwe mukufuna pogula tikiti, kapena kutatsala maola osachepera 48, ndipo alembe chilembo cholondola cha mtundu wa thandizolo. WCHR ndi ya amene amakwera masitepe koma sayenda mtunda wautali, WCHS ndi ya amene sakwera masitepe, WCHC ndi ya amene ayenera kunyamulidwa mpaka pampando. Akalemba WCHR pamene inu ndinu WCHC, mudzafika pansi pa masitepe a ndege popanda anthu okukwezani. Chilembocho chikhale pa gawo lililonse la ulendo, kuyambira pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi mpaka posinthira ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg. Njinga zathu za mataya atatu, zolimba bwino pa miyala ya ku Kasumbu, zambiri sizipindika, ndiye yezani utali, mulifupi, msinkhu ndi kulemera kwake, muwauziretu. Ngati ndi yamagetsi yokhala ndi batire ya lithium yochotseka, batireyo imalowa nanu m'ndege ndipo isapitirire 300 Wh (muyeso wa mphamvu yomwe batire imasunga). Kuwerengera kwake ndi mavoti (V) kuchulukitsa ndi Ah, manambala olembedwa pa batire: 24 V ndi 10 Ah zimapereka 240 Wh.

Musanapereke njinga, ijambuleni mbali zonse pa foni. Chotsani khushoni ndi zopondapo mapazi, chifukwa n'zimene zimasowa msanga. Ikafika yopindika felemu kapena yothyoka gudumu, musatuluke pabwalo. Pitani pa desiki la katundu mulembetse lipoti lotchedwa PIR, mutenge kope lanu. Popanda pepala limenelo, kampani ya ndege ndi ya inshuwalansi zonse zidzati inathyokera kunja. Zinthu zanu zikabedwa, kanenani kupolisi tsiku lomwelo, poti makampani ambiri amafuna lipoti la mkati mwa maola 24.

Mankhwala akhale m'mapaketi ake, osati m'kapepala ka shuga, ndipo ayende nanu m'manja pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala ndi kalata ya dokotala ya m'Chingerezi yotchula dzina la mankhwala ndi mlingo wake. Tramadol, morphine ndi phenobarbitone ali ndi malamulo okhwima m'malo ena monga ku Dubai, ndiye funsani ku ofesi ya kazembe musananyamuke. Insulin isalowe kunsi kwa ndege, imawonongeka ikaundana. Onjezerani a sabata imodzi pamwamba pa masiku a ulendo.

Nambala ya foni ya mwadzidzidzi yomwe ili papepala la inshuwalansi ilembeni pa kapepala kolowa m'pasipoti, ina musiyire m'bale kunyumba. Mukadwala, imbani musanagonekedwe ngati n'kotheka, chifukwa makampani ambiri amafuna kuvomereza kaye, ndipo risiti iliyonse, ngakhale ya bandeji, muisunge.