Mmene tinayambitsira gulu lowerengerana nkhani zisanatuluke

Kutsegula tsamba lolembapo nkhani pa intaneti n'kosavuta. Pa WordPress.com kapena pa Blogger ya Google mumangofunika imelo, dzina la tsambalo ndi bandulo, kulipira ayi. Mavuto amayamba mukatulutsa nkhani yoyamba, kenako yachiwiri, koma osapezeka ndi mmodzi yemwe wokuuzani ngati zamveka. Olemba Chichewa ambiri amene ndinkawatsatira anafookera pamenepa, ndipo masamba awo anangoti zii mpaka lero. Zinkandiwawa, n'chifukwa chake ndinayamba kusonkhanitsa anzanga.

Gulu sindinathamangire kulitsegula. Ndinayamba ndi kuwerenga. Ndinkafufuza pa Facebook anthu olemba Chichewa chomveka, kaya za ulimi, za mpira kapena ndakatulo, n'kumawerenga nkhani zawo mpaka kumapeto. Ndikatero ndinkawalembera uthenga wa kumbali, kutchula chiganizo chenicheni chimene chandigwira mtima ndi kufunsa funso limodzi. Mawu oti "zabwino kwambiri, pitirizani" wolemba aliyense amadziwa kuti achokera kwa munthu amene sanawerenge. Amene anandiyankha n'kuwerenganso zanga ndi amene ndinawapempha kuti tikhale pamodzi.

Tinasankha WhatsApp chifukwa bandulo yake aliyense amaikwanitsa. Gulu limodzi la WhatsApp limatha kutenga anthu 1,024, koma ife tinagwirizana kuti tisapitirire 10. Magulu akuluakulu a olemba ndinakhalamo, ndipo amakhala ngati msika umene aliyense wabwera ndi tomato, wogula palibe: linki pamwamba pa linki, woitsegula osaoneka. Choncho pangano lathu loyamba linali loti m'gulumu mubwere nkhani imene sinatuluke, osati yotuluka kale.

Ntchito imayenda chonchi. Lolemba anthu awiri amatumiza nkhani zawo, zomatidwa m'gulu momwemo kuti wopanda bandulo ya intaneti yonse asatsalire. Enafe timakhala nazo mpaka Lachinayi, ndipo aliyense amayankha mafunso awiri. Loyamba: nkhaniyi ikunena chiyani, m'chiganizo chimodzi? Mayankho akasiyana, mwininkhani amadziwa yekha kuti anasokoneza mitu. Lachiwiri: ndi pati pamene munafuna kusiya kuwerenga? Funso limeneli limabaya, koma ndi limene latikonza kuposa china chilichonse.

Mnyamata wina anabweretsa nkhani yosunga chimanga m'matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati ndi thumba lolimba kunja, osafuna kuthira mankhwala. Ndime zitatu zoyamba ankafotokoza kuti chimanga ndi chakudya chodalirika cha Amalawi. M'gulumu muli mayi wina wopuma ntchito yauphunzitsi, tonse timangoti aphunzitsi. Iwo anatumiza uthenga wa mawu, akumuitana kuti mwana wanga, n'kumuuza kuti zoti timadya nsima akuzidziwa kale, ayambire pamene anamasula chingwe cha thumba n'kupeza anankafumbwe atauma pamwamba pa chimanga. Chiganizo chimenecho chinali m'ndime yachisanu. Atachikweza pamwamba, nkhani yonse inaima bwino. Vuto loyambira kutali limeneli pafupifupi aliyense watsopano amabwera nalo, ndipo wowerenga pafoni sadikira.

Lina limene timaligwira kawirikawiri ndi Chichewa chochita kutembenuza. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014, ndipo ena amalemba m'Chingerezi n'kuponya mmenemo. Mawu amatuluka a Chichewa ndithu, koma palibe munthu wolankhula choncho. Mankhwala ake tinapeza ndi kuwerenga mokweza: mwininkhani amajambula mawu ake akuwerenga ndime imodzi, ndipo pamene lilime lapunthwa m'pamene pali vuto. Za kalembedwe tinkakangana kwambiri, makamaka pa n' ndi m', komanso poika l ndi r, mpaka tinagwirizana kutsatira malamulo a kalembedwe amene amasamalidwa ndi Centre for Language Studies ya University of Malawi ku Zomba. Mkangano unathera pomwepo.

Zithunzi nazo zili ndi nkhani yake. Ambiri amaganiza kuti chithunzi chikapezeka pa Google ndiye kuti n'cha aliyense. Sichoncho. Chili ndi mwini wake, ndipo kuno kwathu lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza ojambula monga limatetezera ife olemba. Bungwe la COSOMA (Copyright Society of Malawi) linakhazikitsidwira nkhani zomwezi. Ife timajambula tokha ndi foni, kapena kutenga pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya pa intaneti ya zithunzi zololedwa kugwiritsa ntchito, n'kulemba dzina la wojambula monga chilolezo chake chikunenera. Tisanachikweze timachichepetsa kaye, chifukwa chithunzi chochokera m'kamera ya foni chimatha kulemera mamegabayiti angapo, ndipo amene amalipira ndi wowerenga.

Pamene sitinyengerera mpang'ono pomwe ndi pa nkhani yotchula munthu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 lili ndi milandu yokhudza zolemba za pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Ngakhale pakanakhala popanda lamulo, kuipitsa mbiri ya munthu ndi mphekesera n'kulakwa. Nkhani yoneneza wina imadutsa kwa anthu awiri amene ntchito yawo ndi kufunsa kuti umboni uli kuti. Ukasowa, ndimeyo imachoka.

Nkhani ikatuluka Lachisanu, aliyense amaigawa ndi mawu akeake onena chifukwa chake waikonda. Apa tinaphunzira chinthu chimene malangizo ochokera kunja satchula: owerenga athu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, ndipo linki yopita kwina siwatsegukira. Tsopano nkhani timaimata yonse pa Facebook, ndime yoyamba pa Status ya WhatsApp, tsamba lija n'kukhala posungira zonse mwadongosolo.

Watsopano aliyense amafunsa za ndalama, ndipo timamuuza zoona. Google AdSense, imene imalipira eni masamba chifukwa choonetsa malonda, silandira masamba olembedwa m'Chichewa, ndipo ngakhale kwa olemba Chingerezi silipira ndalama zisanakwane madola 100. Chimene tili nacho ndi kathumba kochepa: mwezi ukatha aliyense amaponya kangachepe pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ndipo timagulira bandulo mnzathu amene wasowa pa sabata yake yotumiza nkhani.

Wina akangoti zii, sitimuchotsa msanga. Mmodzi wa ife amamuimbira kaye, chifukwa nthawi zambiri pamakhala maliro, matenda kapena foni yawonongeka. Akanena yekha kuti zamukanika, malo ake amapita kwa wina. Wolowayo amayamba ndi mwezi wathunthu wowerenga ndi kuyankha nkhani za anzake, kenako dzina lake limalembedwa pa ndandanda ya Lolemba.