Kukwawa ngati mwana ku kireshi

Kosi ya ECD (kasamalidwe ndi maphunziro a ana a mmera mpoyamba) yomwe ndimapanga Loweruka muno mu Joni yafika pa gawo la chitetezo cha ana, ndipo asayimenti yake poyamba inandiseketsa. Aphunzitsi anati tikafika ku kireshi komwe timagwira ntchito tikagwade pansi, tikwawe ngati mwana wa zaka ziwiri, kenako tilembe chilichonse chomwe taona. Ndinakwawa ndithu, mawondo kuwawa, ana ali phwete kuti anti apenga lero.

Koma pansipo pali zinthu abale. Soketi yopanda chotsekera kuseri kwa shelefu, chingwe cha ketulo chili lende poti kadzanja kangafike, ndowa ya mopu ili ndi madzi pakhomo la bafa. Ndowayi timaiderera, koma mwana wongoyamba kuyenda mutu wake umalemera, akasuzumira n'kugweramo chamutu sangadzuke yekha ndipo simumva kulira ayi, amamira ngakhale madziwo ali ochepa.

Chomwe chinatidyera nthawi mkalasi ndi parafini. Magetsi akamazimazima, kuphatikiza kuzizira kwa June ndi July kuja, anthu ambiri amadalira sitovu ya parafini ndiye amamusunga m'botolo la Coke kapena la madzi, mwana akaona basi akuti ndi chakumwa. Kwathu tinakula tikumva kuti mwana akamwa zoipa mmwetse mkaka kapena mpise chala kukhosi asanze. Pa parafini zimenezo n'zoopsa zedi, akasanza parafiniyo amalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Osamupatsa chilichonse, mvuleni zovala zomwe zanyowa, imbani Poisons Information Helpline pa 0861 555 777, kapena ambulansi pa 10177, pa foni ya m'manja 112 imagwiranso. Akapsa ndi moto kapena madzi otentha, za Colgate ndi dzira zija iwalani, muikeni pa madzi ozizira a pampopi kwa mphindi 20.

Mayi ena achikulire mkalasi mwathu anakana kwamtuwagalu, ati ana awo onse anawapulumutsa ndi mkaka ndipo ali moyo mpaka lero. Ine ndikuona kuti unali mwayi chabe, kungoti munthu wamkulu sumuyankha choncho pagulu.

Za malamulo tinangodutsamo mwachangu, kuti kuyambira April 2022 nkhani za ECD zinachoka ku Social Development kupita ku Department of Basic Education, komanso kuti aliyense wogwira ntchito ndi ana dzina lake limayenera kufufuzidwa mu National Child Protection Register, kaundula wa boma momwe mulinso mayina a anthu osayenera kugwira ntchito ndi ana.

Pano mutu wanga uli pa zakudya zomwe makolo amalongedzera ana. Magirepi athunthu, masoseji a maviyena odula mozungulira ngati ndalama, mapopukoni, zonsezi zimatseka kukhosi kwa mwana wamng'ono. Magirepi ndi maviyena amafunika kuwang'amba m'litali. Ndalemba kakalata kopita kwa makolo mu Chingerezi ndipo mnzanga akakatembenuza mu Chizulu, ndikungodikira kuti madamu oyang'anira kireshi avomereze tikaike pa gulu la WhatsApp Lolemba.