Tsiku limene madzi anandidyera nsidze

Nditangofika ku Salima kudzaphunzitsa sayansi pa sekondale ina yoyendera, ndinali ndi matama a munthu wongochoka kumene ku koleji. Tayi pakhosi, mu Okutobala, kutentha kwa kunyanja kuja koti ngakhale mbuzi zimakana kuchoka pansi pa mtengo.

Fomu 3 inali itandikanika pa mutu umodzi: n'chifukwa chiyani zinthu zina za pa tebulo la Mendeleev, mndandanda wa zinthu zimene zimapanga chilengedwe chonse, zimachita zofanana ngati ana a mimba imodzi? Ndinawauza kuti mkulu wa ku Russia ameneyu anazindandalika mu 1869 poona kulemera ndi khalidwe lake, asakudziwa n'komwe za ma elekitironi. Ana anangondiyang'ana ngati ndikulengeza maliro a munthu amene sakumudziwa.

Ndiye ndinawakweza minibasi ya ku Senga Bay. Atomu, ndinatero, ndi minibasi. Dalaivala ndiye nyukiliyasi, okwera ndiwo ma elekitironi. Mzere woyamba mumakhala 2, wachiwiri 8. Sodiyamu wanyamula 11, ndiye kuti 2, 8, ndi mmodzi wosowa mpando amene akulendewera pakhomo. Potaziyamu wanyamula 19: 2, 8, 8, ndi mmodzinso pakhomo. Lithiyamu ali ndi 3 okha, koma nayenso wake wapakhomo alipo. Wolendewerayo ndiye mwini khalidwe, poti ndi amene amagwa pakangogunda bampu, ndipo onse okhala ndi wolendewera mmodzi ali m'gulu loyamba la tebulo lija, mtima wawo ndi umodzi. Neon ndi argon mipando yadzaza, chitseko chatsekedwa, saima pa siteji iliyonse. N'chifukwa chake sagwirizana ndi wina aliyense.

Ndinadzimva kukoma, sindinama. Kenaka mnyamata wina wa benchi yakumbuyo anakweza mkono.

"Sala, zimenezo n'zapabolodi. Tionetseni."

Apa mpamene munthu wanzeru akanati mawa.

M'kachipinda kosungira zipangizo ndinapeza botolo lafumbi, m'kati muli kachitsulo kotuwa komizidwa mu parafini kuti kasakumane ndi mpweya kapena chinyezi. Kapepala ka pabotolo mphemvu zinali zitadya, n'kundisiyira zilembo zitatu zomaliza: ium. Taonani nkhanza za mphemvu. M'Chingerezi mayina onse atatu a banja lija amathera pomwepo. Ine ndinangoti uyu ndi sodiyamu basi, ndipo ngakhale atakhala m'bale wake, si ndangophunzitsa kumene kuti onse ndi amodzi?

Ndinabwereka beseni la pulasitiki kwa amlonda, ana n'kutunga madzi kumjigo. Chitsulocho ndinachidula ndi mpeni wamba, chofewa ngati sopo wonyowa, podulapo n'kuwala ngati ndalama yatsopano kenaka n'kuzimirira maso akuona. Buku limati kadule kochepa ngati njere ya mpunga. Koma akumbuyo anayamba kudandaula.

"Sala, ife kuno sitiona. Onjezerani!"

Ndinaonjezera mpaka kanafika ngati mtedza wa chalimbana.

Ndimayembekeza zimene sodiyamu amachita: kusungunuka n'kukhala kampira, kumathamanga pamwamba pa madzi kakulira tsiii. Koma kaja kanangokhudza madzi n'kuyaka pompo, lawi lake ngati maluwa a jakaranda. Mtundu umenewo ndi chidindo cha potaziyamu, ndipo ndimadziwa bwino lomwe. Koma m'malo mobwerera m'mbuyo ndinawerama, choko m'manja, kuti ndifotokoze kuti chikuyakacho ndi mpweya wa haidirojeni umene chitsulo chikutulutsa m'madzi.

Ndinangofika pa "haidi".

Phuu!

Za amene anayamba kutuluka m'kalasi anthu amanena zosiyanasiyana, koma ahedi amalumbira kuti ndine ndinawadutsa pakhonde ngati mphepo ya mwera, ana onse nditawasiya m'mbuyo. Ndinakaima kumjigo, mwana wa Fomu 1 akupopa, ine ndikutsuka nkhope, poti madzi a m'beseni aja anali atasanduka oterera ndi olula ngati sopo wolowa m'maso. Mulungu anandisungira maso, ndipo palibe mwana anapsa. Tayi inatsala ndi mabowo atatu. Beseni la amlonda linabooka. Nsidze zinapita zonse ziwiri osatsanzika.

Nditabwerera m'kalasi, chipumi chili see ngati dzira, mnyamata uja anaimiriranso mwaulemu wake wonse.

"Sala, ndamvetsa tsopano. Minibasi ya potaziyamu ndi yaitali, ndiye wapakhomo ali kutali ndi dalaivala, sagwiridwa bwino. Akangoona zovuta amadumpha msanga." Anakhala kaye chete. "Ngati inuyo, sala."

Chowawa n'chakuti anakhoza. Ukamatsika m'gulu loyamba ukali umakula, ndipo theka limeneli la phunziro ndi limene ndinaliiwala pakati pa botolo ndi beseni.

Madzulo mbiri inali itandipitirira kale, yakuti mphunzitsi watsopano wayatsa madzi. Amayi a nyumba imene ndimachita lendi ndinawapeza pamoto akuphika thelele ndi chidulo. Anandiyang'ana kumaso nthawi yaitali. Pofuna kubweza ulemu wanga, ndinawauza kuti si zamatsenga ayi, m'chidulo chawocho mulinso potaziyamu wochokera m'phulusa, ndipo wasayansi wa ku England, Humphry Davy, anamupatula koyamba mu 1807 kuchokera ku mankhwala a phulusa omwewo. Soda wa kugolosale muli sodiyamu. N'chifukwa chake chidulo chikasowa amathira soda, thelele n'kufewa chimodzimodzi: ndi pachibale.

Anavundula mphika kawiri.

"Ndiye aphunzitsi, zaka zonse zija kukoleji mumaphunzira chidulo? Ine ndayamba kutcheza chidulo nthawi ya Kamuzu, koma nsidze zanga ndi izi."

Kenaka anatola kakhala kozima pambali pa mafuwa n'kundipatsira ndi manja awiri.

"Mujambulepo mawa, ana angamathawe."